Kagalasi ka basera

Ndikukumbukira fungo la masitolo a Amwenye ku Limbe m'masiku a Chitaganya: nsalu zatsopano, sopo wamtanda, parafini ndi lubani, zonse m'chipinda chimodzi chamdima, makina a atelala akulira pakhonde. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Chinyonga, ndipo Loweruka lina amayi ananditenga kuti akandigulire nsalu ya diresi la Khirisimasi.

Masiku amenewo ukagula chinthu chooneka, wogulitsa ankakuwonjezera basera, kamphatso koti udzabwerenso: singano, ulusi, kapena maswiti awiri. Amayi anagula nsalu ija kwa Faisoni, wantchito wa m'sitolomo. Ine sindinaone kanthu, maso anga anali m'botolo la maswiti. Ndinangodzidzimuka ndi mawu okalipa pakhomo. Mwana wa mwini sitolo, amene anali atangoyamba kuyendetsa malonda a bambo ake odwala, analanda dengu la amayi n'kulikhuthula pansi. M'nsalu muja munagwa kagalasi kodziyang'anira, kozungulira, kofiira kumbuyo.

"Ndi basera, wandipatsa ndi uyu," anatero amayi, kuloza Faisoni.

Faisoni anayang'ana kudenga ngati kukudontha. "Ine sindinawapatse kanthu, bwana."

Wapolisi wa kabudula wa khaki anabwera n'kuwatenga. Bambo anakawatulutsa pa belo dzuwa litapendeka, koma nkhani inali itafika kale kunyumba iwo asanafike.

Sabata imeneyo ndinawadziwa anthu. A Nabanda, oyandikana nafe, anayamba kuyanula zovala zisanaume. Wina anakumbukira supuni yake imene inasowa chaka chatha. Mijigo kunalibe nthawi imeneyo, tinkatunga kuchitsime, ndipo ndikafika ine macheza ankaduka, kupatula mawu amodzi onong'ona akuti utsi sufuka popanda moto. Akuluampingo anauza amayi kuti apinde kaye bulauzi yawo yoyera ya gulu la amayi mpaka mlandu utatha. Chimenecho ndicho chinawaliza. Bambo, kalaliki woopa kutchuka ndi zoipa kuofesi, ankangowauza amayi kuti, "Ingovomerani, a Nachisale, tilipire chindapusa zithe."

Maloya analipo m'tauni ku Blantyre, koma zitseko zawo sizinali za anthu ngati ife. Amayi anapita okha kwa a Namalomba, mkulu amene anapuma pa ntchito yomasulira kukhoti, mwana wa anthu ochokera kwa Apwitikizi. Munthu ameneyu palibe ankamukhulupirira. Ankavala tayi ngakhale kotentha, ankapatsana moni ndi Azungu, ndiye anthu ankati ndi kapirikoni, kazitape wa boma. Anafe ankatiuza kuti akamadutsa tizitseka pakamwa.

A Namalomba anabwera, anakhala pampando wa bambo, n'kukana zovomera mlandu. Anati chindapusa chimatha tsiku limodzi, koma dzina likalembedwa kupolisi kuti wakuba, silifufutika. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, unamuona Faisoni akupereka kagalasiko?" Ndinati sindinaone. "Ndiye usadzanene kuti unaona. Bodza limodzi lokha lingawamize amayi akowa."

Ndinene zoona, chifukwa ndakula. Mumtima mwanga ndinkawakayikira amayi. Ndinali nditawaonapo kangapo akudziyang'ana pa kagalasi kofanana nako kwa a Nabanda, akumwetulira, osafuna kukabweza msanga. Ndinkadzifunsa kuti kodi mtima sunawanyenge? Ndinazitulutsa zimenezi pamaso pa a Namalomba mosaganiza, amayi ali pomwepo. Mkuluyo sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nanga a Nabandawo anakapeza kuti kagalasi kawo?"

Anayenda khomo ndi khomo masiku atatu. Ena ankabisala kuseri kwa bafa poganiza kuti akulemba maina a osakhoma msonkho. Ena ankayankhira pawindo. Koma anapeza amayi asanu okhala ndi tigalasi tofiira kumbuyo, ndipo onse analandira tigalasito ngati basera m'sitolo yomweyo. A Nabanda anavuta kwambiri, ankaopa kuti nawonso akawatsekera.

Poti sanali loya, a Namalomba sakanaloledwa kuwayankhulira amayi m'khoti. Anawaphunzitsa kuti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wofunsa mboni mafunso ndi kuitana mboni zakezake. Madzulo aliwonse ankayeserera pabwalo, bambo akukhala Faisoni. Bambo ankaitengera mtima ntchitoyo, kukana mwamphamvu mpaka amayi kupsa mtima zenizeni n'kuiwala funso. "Funso lalifupi, mayi, ndipo mukafunsa mukhale chete," ankatero a Namalomba.

M'khoti munkanunkha polishi wa pansi ndi thukuta la anthu odikira. Majisitireti anali Mzungu wofiira makutu, wooneka kuti milandu yotere yamukwana. Faisoni atamaliza umboni wake, amayi anaimirira n'kumanga bwino chitenje chawo.

"Achimwene, tigalasi timeneti mumagulitsa pa mtengo wanji?"

Faisoni mtengo sankaudziwa, pakuti palibe tsiku limene kagalasi koteroko kanagulitsidwapo. Amayi anakhala chete monga anawaphunzitsira. Kenako anaitana mboni zawo, ndipo amayi asanu aja, mmodzimmodzi, anamasula mipango yawo. Tigalasi tinathwanima mpaka kuwala kukuvina pakhoma pamwamba pa mutu wa majisitireti. Faisoni ataitanidwanso anagwetsa misozi. Anati bwana wamkulu ndiye ankamutuma kupereka basera, mwana wake analetsa sabata yomweyo, iye anapereka mwa chizolowezi, ndipo anakana poopa kuchotsedwa ntchito. Mlandu unathera pomwepo.

Lero zinthu zinasintha. Basera anatha, m'masitolo akuluakulu muli makamera, alonda amaona risiti pakhomo, ndipo wosauka akhoza kupeza loya wa boma womuimira. Kamera ikanawayeretsa amayi tisanatuluke n'komwe m'sitolo. Koma palibe kamera kapena loya akanakonza zimene zinachitika pobwerera kuchokera kukhoti kuja. Tinatsala awiri kumbuyo, anthu ena akuseka kutsogolo, ndipo amayi anandigwira dzanja.

"A Nabanda sindikuwadandaula," anatero motsitsa mawu. "Koma iwe, mwana wanga, unkaganizadi kuti ndaba?"

Ndinayang'ana fumbi la kumapazi kwanga osayankha. Anandidikira pang'ono, kenako anandisiya dzanja kuti akonze mpango wawo, ndipo sanaligwirenso mpaka kunyumba. Sanadzandifunsenso moyo wawo wonse, inenso sindinapepese, ndinkangoti mawa. Zimandiwawa mpaka lero kuti Mzungu wosawadziwa anawakhulupirira amayi m'mawa umodzi, pamene ine amene anandibereka m'chitenje chomwecho ndinadikira kaye mboni zisanu.