Tchalitchi chopanda denga ku Coventry

Ndinanyamuka ku Dudley Loweruka m'mawa nditangoweruka kuchipatala, koma mtima uli kumudzi ku Ntcheu. Chimphepo chinali chitasasula denga la tchalitchi chathu chakale, chimene agogo anaumbira njerwa, ndipo akulu a mpingo anagwirizana zochigumula kuti njerwazo amangire china. Bambo anga okha ndiwo ankakana. Ine, poti ndinalonjeza malata a chatsopanocho, ndinawauza kuti asiye makani.

Basi ya ku Birmingham inkaima paliponse ngati minibasi ya ku Lunzu, kungoti sitinapanikizane anayianayi. Pa siteshoni ya New Street ndinagula sangweji yozizira ya tchizi, n'kukwera sitima ya ku Coventry kukaona khanda la namwino mnzanga.

Nditatsika masana ndinasochera, n'kutulukira pa chitchalitchi cha miyala yofiira: makoma ataliatali, mawindo opanda magalasi, kumwamba mitambo yokhayokha. Chisoni chinandigwira. Kani azungu nawonso ndalama zimawathera pa denga? Ndinapeza mayi wina wachikulire akusesa masamba m'katimo. Mwa ulemu wa kwathu ndinawapepesa, n'kufunsa ngati komiti ya zomangamanga ikulandirabe zopereka.

Anaseka mpaka kutsamira tsache. Anati tchalitchicho chinapsa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse iwo ali kamtsikana, ndipo chatsopano anachimanga pambali osagwetsa makoma akalewa. Amisiri amabwera kudzamata ming'alu, anthu amapempheramo pamtetete. Kenaka anandilozera pamene makolo awo anaima pomangitsa ukwati.

"Akanagwetsa, adzukulu anga ndikanawalozera pati?" anatero.

Kwathu nyumba ikagwa timati bwinja, n'kusiyira mbuzi. Anthu awa bwinja lawo amalisesa ndi kulimata, ndipo kunena zoona ndinawasirira.

Pomwepo ndinapala khadi la foni n'kuimbira bambo. Anandiuza ndi mawu otopa kuti anyamata anayamba kugumula Lachinayi, latsala ndi khoma la kumaso lokha, la pakhomo lolowera.

"Bambo, auzeni alisiye. Malata anga apita pa tchalitchi cha njerwa zatsopano, tiumba zina."

Ndiye ndinawamva akuitanitsa njinga kwa amayi.

"Dula foni, mwanangu," anatero. "Ndikawapeze asanalikhudze."