Ovila Gadbois, Wotchinga Kumbuyo

Ovila Gadbois anabadwira m'mphepete mwa mtsinje wa Ottawa, kutsidya la anthu olankhula Chifalansa, m'banja la wosula zitsulo. Nsapato zake zoyamba zotererera pamadzi oundana anamupangira ndi bambo ake: anatenga matupa awiri akutha, nkuwanola, nkuwakhomera kunsi kwa jombo zakale. Atakula analowa ntchito yoyendetsa zipika pamtsinje kupita nazo kumacheka. Ntchitoyo inamupatsa miyendo ngati mizati ndi luso loima nji pamalo oterera. M'nyengo yozizira mtsinje unkauma gwa, zipika osayenda, ndiye Ovila ankasewera ndi anzake hoke, masewero omenya kamphira ndi ndodo pamadzi oundana.

Liwiro analibe. Kugoletsa ndiye tisanene. Koma munthu akabwera ndi kamphira kulunjika kugolo, ankapeza Ovila ali chilili panjira, ndipo ambiri ankadzuka pansi akufunsa chimene chawagunda. Anzake anamutcha Chipika.

Mu 1908 mwini mgodi wa siliva kumpoto kwa Ontario anafuna timu yoti ichititse manyazi tauni yoyandikana nayo, ndipo anatuma munthu kukamutenga Ovila. Mkazi wa Ovila, Delima, anamvetsera nkhani yonse akusenda mbatatesi.

"Ndiye azikulipirani chifukwa chogunda anthu?" anafunsa.

"Chifukwa chotchinga kumbuyo, amake Rosa."

"N'chimodzimodzi. Pitani, koma mano mukabwere nawo."

Sanabwere nawo onse. Masiku amenewo wosewera ankalowa m'bwalo mutu uli pamtunda, ndipo panalibe womupumitsa; ukayamba masewero, umamaliza. Tsiku lina atang'ambika pamwamba pa diso, anamusoka ndi dotolo wa mahatchi a pamgodi, iye nkubwerera m'bwalo ulusi ukulendewera. Anthu okumba siliva ankamukonda koopsa. Ankamuona ngati mmodzi wa iwo, munthu wodya thukuta lake.

Timu ya tauni inayo inali ndi wosewera kutsogolo dzina lake Murdo Strachan, mwana wa Msikoti, wamfupi, waliwiro, wapakamwa. Akamudutsa Ovila ankakuwa kuti, "Iwe Chipika, agogo anga amathamanga kukuposa, chonsecho tinawaika chaka chatha!" Mawu okha sakadakhala kanthu. Koma woyimbira masewero akangoyang'ana kumbali, Murdo ankamubaya Ovila m'nthiti ndi nsonga ya ndodo.

Loweruka lina mu Febuluwale anamubaya pakamwa, mlomo nkung'ambika. Ovila sanaganize. Anatembenuka nkugwetsa ndodo yake pachibwano cha Murdo. Murdo anagwa chafufumimba osagwedezekanso, magazi akuyenderera pamadzi oundana. Apolisi anamutenga Ovila asanavule ndi nsapato zomwe. M'chitokosi anakhala pabenchi manja ali kumutu. Mumtima mwake anali atavomereza kuti wapha munthu, ndipo sankadziwa kuti Delima akamuyang'ana bwanji.

Murdo sanafe. Anabwera kukhoti chibwano chomangidwa ndi waya, akulankhula mano ali chitsekere.

"Tiuzeni chimene chinachitika," anatero woweruza.

"Ndinaterereka, bwana. Pajatu pamaterera."

"Anthu odzaza bwalo anaona akukumenyani."

"Amenewo anali ataledzera, bwana."

Mlandu unathera pomwepo. Panja Ovila anamutsatira, chipewa chili m'manja.

"Wandiikira kumbuyo chifukwa chiyani?"

"Ukalowa m'ndende, ndidzakubwezera bwanji?" anayankha Murdo.

Ndipo anabwezeradi. Chaka chotsatira anamuphwanya mphuno ndi chigongono, Ovila osadandaula kwa aliyense.

Siliva atayamba kuchepa, mwini mgodi anataya chidwi ndi hoke, timu nkutha. Ovila anatengedwa ndi timu ina ya mumzinda wa Montreal. Tsiku loyamba polowa m'chipinda chovalira anapeza Murdo atakhala pakona akumanga zingwe za nsapato.

"Aa, atigulira ng'ombe," anatero Murdo.

"Ng'ombe yake ikusunga iwe, kambuzi."

Pamaulendo a pasitima ndi kumahotela akuluakulu a timu ankawagoneka chipinda chimodzi, poti wina aliyense ankakana kugona pafupi ndi Ovila. Chiphwanyikireni mphuno ankaliza mkonono ngati macheka. Murdo akadandaula, Ovila ankangomuuza kuti, "Ntchito ya manja ako imeneyo." Wina anali Mkatolika, wina wa mpingo wa Asikoti, wina Chingelezi chake chinali chothyokathyoka, winayo Chifalansa ankadziwa zotukwana zokha. Koma m'bwalo aliyense anaphunzira msanga kuti kukhudza Murdo kunali kudziitanira Ovila. Chikho sanatengepo. Chaka china anafika pafupi, nkugonja pamasewero omaliza.

Nkhondo yaikulu itabuka, Murdo analembetsa usilikali. Ovila anapita naye kukalembetsa, koma dotolo wa asilikali atangoona bondo lake lakumanzere lovulala anamubweza. Murdo anafera ku France mu 1916. Ovila anamva uthengawo m'mawa wa tsiku la masewero. Anasewerabe mpaka kumapeto, osatulutsidwa m'bwalo chifukwa cha ndewu ngakhale kamodzi, zomwe zinadabwitsa woyimbira. Atatha anakwera sitima kukaona mayi ake a Murdo, nkuwawazira nkhuni zokwanira nyengo yonse yozizira.

Anaseweranso pang'ono, koma bondo linali litatha. Anyamata atsopano sankalimbananso naye. Ankangomuzungulira ngati chitsa. Tsiku lina anamva anthu akumuseka m'malo momutukwana, ndipo anadziwa kuti basi. Ananyamula katundu wake nkubwerera kwawo.

Kumeneko anapeza ntchito yowolotsa anthu ndi ngolo pamtsinje. Madzi akaundana, iye ndiye ankayenda ndi nkhwangwa kuyesa pamene palimba, nkumazika timitengo kusonyeza njira yodutsa mahatchi. Anagwira ntchitoyo mpaka tsitsi linayera, ndipo palibe ngolo imene inamirapo m'nthawi yake. Anamwalira mu 1949 atadwala chibayo. Delima anakhalabe ndi moyo zaka zingapo m'nyumba ya mwana wawo Rosa, ndipo alendo akamufunsa za mwamuna wake wotchuka uja, ankati anali munthu wofatsa, wokonda msuzi wa nsawawa, amene sanakwezepo mawu m'nyumba.