Amayi ankapinda miyendo kuti ena adutse

Ndinakula ndikuona amayi akupinda miyendo. Pa Misa, nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, anthu a pa benchi yathu ankaimirira, amayi n'kukokera mawondo kumbali kuti adutse, maso ali pa kolona. Ndili mwana ndinkayesa ndi ulemu chabe.

Tinkakhala mu komboni ya mgodi kufupi ndi malo otchedwa Battlefields, kumwera kwa Zambezi. Bambo anachokera ku Dedza ali mnyamata, atasiya mkazi amene anamanga naye ukwati m'tchalitchi. Ankati agwira chaka chimodzi, agule njinga, abwerere. Njinga anagula, kubwerera ayi. Anasanduka mtchona, n'kukwatira amayi, mwana wobadwira mu komboni momwemo, ankhoswe alipo, zonse mwamwambo. Koma Mpingo umati chimene Mulungu wamanga munthu asamasule, ndiye pamaso pa Mpingo mkazi wa bambo anali uja wa ku Dedza, mpaka imfa. Amayi sankalandira Ukaristia, sankavala yunifolomu ya bungwe la amayi, ngakhale kuimira mwana wa mnzawo pa ubatizo sankaloledwa.

Tsache lokha ndiye silinkawakana. Ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse, kuchapa ndi kusita nsalu za paguwa, ndipo wansembe akabwera kuchokera ku Kadoma, nkhuku yofa inali yathu. Zinkandipweteka, mpaka lero zimandipweteka. Bambo, eni mlandu, ankamvera Misa ali panja pansi pa mtengo ndi anzawo, popanda wowaloza chala.

"Abambo, lembani kalata kumudzi, timve ngati mayi aja akadali moyo," amayi ankatero chaka ndi chaka, makamaka Pasaka akayandikira.

"Ndiyambe ndi mawu oti chiyani? Moni, kodi munafa?" bambo ankayankha. "Akanamwalira tikanamva. Maliro sabisika. Tandipakulireni sadza ndidye, ndichedwa ku shifiti."

Anali manyazi. Munthu amene sunatumize ngakhale bulangete, cholembera chimalemera. Katekisiti naye ankangowauza amayi kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekha mpaka imvi.

Mgodi utatsekedwa ndinawatenga onse awiri kukakhala nane ku Chegutu, kumene ndimasoka zovala. Apo n'kuti fumbi la pansi litawadya bambo m'chifuwa. Wansembe wina wachinyamata, atabwera kudzawaona, anafunsa mudzi wawo ndi mishoni imene anakwatirira, n'kulemba yekha kalata. Sipanathe miyezi iwiri, yankho linafika.

Mayi aja anamwalira kalekale, ine ndisanayambe sukulu. Ndipo pomwe tinkawerenga kalatayo, ana anga anali atatha sekondale. Katekisiti wa kumeneko anafotokoza bwinobwino: kwathu mkazi ndi wa alongo ake ndi amalume ake, mwamuna ndi mkamwini, wobwera. Akasowa, wasowa. Uthenga wa maliro unapita kwa eni mbumba, ndipo palibe anaganiza zofunafuna mtchona kuseri kwa Zambezi. Mwambo umenewu bambo anabadwiramo. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Ndinaiwala kuti kumeneko ine sindine kanthu," anatero.

Amayi ankasadzula nkhwani pakhomo. Sanalire, sanakalipe.

"Hoo. Ndiye zaka zonsezi ndinkadikira munthu wa kumanda?"

Anapitiriza kusadzula. Ine ndi amene ndinapsa mtima, koma osadziwa womupsera: bambo odwala, wansembe wotithandiza, kapena mayi wosalakwa amene anawola kale. Ndinangotopa.

Ukwati unadalitsidwa m'chipinda, bambo atatsamira mapilo, mphete yobwereka kwa aneba. Amayi anavala diresi imene ndinasoka mothamanga. Bambo anamwalira mvula isanayambe.

Titatha kulira, ndinapita nawo ku Misa. Nthawi yolandira itakwana, benchi yathu inaimirira, ndipo amayi anakokera mawondo kumbali, maso pa kolona. Anthu anadutsa mmodzimmodzi. Ndinawagwedeza ndi chigongono, n'kuwanong'oneza m'Chishona, monga timachitira ana obadwira kuno, kuti adzuke.

"Simukai, amai."

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anakumbukira. Anayesa kudzuka, mawondo anakana, mpaka ndinawagwira m'khwapa.

"Anazolowera, mwana wanga," anatero, akuseka pang'ono.

Tinafika kutsogolo omaliza, wansembe atayamba kale kubwerera kuguwa. Amayi sanamuitane. Anangoima, manja atatambasula, kudikira kuti acheuke.