Maziko a Makina a Mpweya

Amuna anga ndi munthu wamantha, ndipo sindikunena monyoza. Zaka khumi ndi zinayi akhala akusamala kompyuta yoyendetsa makina opanga mpweya pachipatala, mpweya uja odwala amapumira m'timapaipi. Foni ikalira tikudya, amayamba kufunafuna nsapato asanamve n'komwe kuti akuimba ndani.

Chaka chatha kompyutayo inayamba kumazima yokha. Amene analemba pulogalamu ya m'katimo anatisiya kalekale, ndiye zinagwera amuna anga kuisamutsira m'kompyuta yatsopano. Anandifotokozera kuti pulogalamu siikhala m'malere. Imakhala pa sisitemu, pulogalamu yaikulu imene imadzutsa kompyuta n'kunyamula zina zonse, ngati maziko a nyumba. Asanasamutse kanthu anayenera kusankha mazikowo.

Anabwera ndi makompyuta awiri n'kuwaika pa tebulo langa lodulirapo nsalu, osapempha. Imodzi inali ndi sisitemu imene mabwana ankaifuna, yokongola, ya zithunzi. Inayo inali yakuda bii, zilembo zoyera basi. Ndinawaseka kuti ngakhale ine telala ndikuiona yabwino, koma iwo sanaseke.

Kayesedwe kawo n'kosavuta. Amazula waya pakhoma mwadzidzidzi, n'kubwezera, n'kuona ngati kompyuta idzuke yokha. Amati magetsi satsanzika akamapita. Yokongola ija inadzuka bwinobwino maulendo makumi atatu. Ulendo wotsatira inaima n'kulemba funso, kudikira munthu woti adine batani, chikhalirecho m'chipinda cha makinamo simukhala munthu. Yakuda ija inkadzuka nthawi zonse, koma sinkazindikira kachipangizo koyezera mphamvu ya mpweya, moti mbali imeneyo anayenera kuilemba okha. Ikadzalakwa, panalibe wina womuloza chala. Anaonda ndikuwaona.

Zili choncho, mwana wathu wamkazi anachira miyezi isanakwane. Mdzukulu wathu, kakang'ono kokwana m'manja awiriwa, anagonekedwa pachipatala chomwecho, kapaipi m'mphuno. Ndinawachonderera amuna anga kuti angotenga ya mabwana ija, kuti zikavuta mlandu usakhale wathu. Ndinali ndi mantha, ndipo sindinachite nazo manyazi.

"Mayi, mlandu ukakhala wa ena, ndiye kuti mwanayo apuma?" anandifunsa. Anasankha yakuda ija.

Tsiku losintha, Lachiwiri m'mawa, anamwino anati mpweya wosungidwa m'masilinda, woti odwala azipuma makina atazimitsidwa, ukwana mphindi makumi anayi. Ndinatsatira amuna anga mpaka m'chipinda cha makina, kotentha ndi konunkha oilo. Analumikiza kompyuta yatsopano, makina anayamba kulira, singano ya pa geji yoonetsa mphamvu ya mpweya inakwera. Mtima unakhala pansi. Kenako ndinawaona akuweramira kukhoma, ndipo ndinawagwira mkono.

"Bambo, musatero. Mwana ali m'mwambamu."

"Ndikapanda kuzula lero masilinda alipo, magetsi adzazula okha tsiku limene kulibe," anatero.

Anazula. M'chipindamo munangoti zii, singano n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Anabwezera waya, koma galasi la kompyuta linakhalabe lakuda. Ndinafuna kupemphera, mawu osabwera. M'mutu munangodzaza kachifuwa ka mdzukulu wanga, mmene kamakwerera n'kutsika. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako zilembo zoyera zinayamba kutsetsereka, makina anatsokomola, n'kuyambanso kulira.

Sananyadire. Anangokhala pansi pasimenti. Masiku atatu anazemba kukaona mdzukulu, ati ntchito yachuluka, koma ine ndinkadziwa kuti akuopa. Tsiku lachinayi mwana wathu anawaitanitsa, ndipo analowa m'wodi monyang'ama ngati wobwera kudzapepesa.

"Ababa, tamuoneni, mphunoyi ndi yanu," anatero mwana wathu.

Iwo sanayang'ane nkhope. Anagwada pambali pa kabedi n'kuika khutu pa kapaipi, ndipo ine ndi mwana wathu tinakhala chete kuti amve bwino.