Nsanza ya Azakhali ndi Mndandanda wa aChikwama

Anthu ankawatchula kuti aChikwama chifukwa cha chikwama chakuda chimene sankasiyana nacho, chodzaza mawaya ndi masikuludiraiva. Anakonza makompyuta zaka khumi ndi ziwiri, koma kukalipa sankakudziwa. Akakwiya ankangovula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya. Mwezi umenewo magalasiwo ankawala ngati atsopano.

Alamu awo anali ndi kasukulu kophunzitsa kompyuta pamwamba pa sitolo ya nsapato. Pakona panali kompyuta yaikulu, imene ikayatsidwa inkayamba yaonetsa mndandanda wa mizere iwiri. Mzere woyamba unkadzutsa pulogalamu yogawa kompyutayo kukhala timakompyuta khumi ta ophunzira. Wachiwiri unali wa pulogalamu yakale yosindikizira masatifiketi. Mndandandawu anaulemba ndi aChikwama, n'kuulamula kuti pakapita masekondi asanu popanda wokhudza batani, iyambe ya ophunzira.

Koma m'mawa uliwonse inkadzukira ku yakale, ophunzira n'kumangoyang'ana masikirini akuda.

"Alamu, kompyuta yanu ija yasankhanso yokha," ankatero eni sukulu pa foni.

AChikwama ankakwera minibasi, n'kukawerenga fayilo ya mndandandawo mzere ndi mzere. Cholakwika panalibe. Anachepetsa masekondi. Anasintha kabatire ka m'kati. Akayatsa iwo, inkamvera ngati mwana pamaso pa alendo.

"Lachisanu ana akulemba mayeso," anatero alamu aja. "Ikachitanso zimenezi ndiitana wina. Chibale n'chakunyumba."

"Winayo adzaifunsa ndi pakamwa?" anayankha aChikwama, magalasi ali m'manja.

Lachinayi analawirira n'kukadikira pamasitepe. Amene anadzatsegula chitseko anali azakhali a alamu awo, omwe ankasesa pasukulupo.

"M'mamawa wonse uno, bambo? Akuthamangitsani kunyumba?"

Azakhali anaika tsache pansi, anadina batani loyatsira, kenako anatulutsa nsanza n'kuikwekwesa pa kiyibodi mwamphamvu ngati akutsuka mphika. AChikwama anaona ndi maso awo kuwala kosonyeza mzere wosankhidwa kukutsika kuchoka pa mzere woyamba kupita pa wachiwiri. Nsanza ija pobwerera inadinanso batani lovomereza.

"Azakhali! Tsiku lililonse mumatere?"

"Nanga fumbi lili ndi tsiku lopuma?"

"Bwanji osayamba mwapukuta, kenako n'kuyatsa?"

"Ndizipukuta mumdima? Timagetsi take tikayaka m'pamene fumbi limaoneka."

AChikwama anazula waya wa kiyibodi, anazimitsa kompyuta, n'kutsikira kunja kukapuma mpweya. Pobwera anapeza yayaka, ili ku yakale komwe kuja.

"Waya wanu unazuka," anatero azakhali. "Ndakubwezerani. Muzisamala zinthu za eni."

Alamu atafika anamva nkhani yonse, n'kukanda m'mutu.

"Ine ndikawaphunzitse azakhali kapukutidwe? Amenewotu anandisambitsa ndili khanda. Auzeni nokha."

AChikwama anapukuta magalasi nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi n'kutsegula fayilo ija. Mzere wa ophunzira anaulemba kasanu ndi katatu motsatizana, ndipo wa masatifiketi anauponya pansi penipeni.

Lachisanu analawiriranso. Azakhali anayatsa, n'kuikwekwesa nsanza yawo. Kuwala kunatsika mzere umodzi, iwiri, itatu, n'kuima. Masikirini khumi aja anayaka imodziimodzi, ndipo ophunzira atalowa anangokhala pansi n'kuyamba mayeso.

Masana alamu anafuna kusindikiza satifiketi, n'kuuona mndandanda uja.

"Nanga chinthu chimodzi mwachilemberanji kambirimbiri chonchi? Mwayamba chibwibwi?"

"Mzere woyambawo ndi wanu. Enawo ndi a azakhali. Musafufutepo ngakhale umodzi."

Azakhali, amene ankakolopa pakhomo, anafinya chikolopa n'kuweramuka.

"Mwaona? Mwezi wathunthu kuvutika ndi mawaya, pamene chinkafunika n'kupukuta bwino basi."

AChikwama anavula magalasi.