Sokosi ya Atate

"Upukutire nsapato? Bweretsa kuno, mutu ngati chidebe iwe!"

Amai anandilanda sokosi ija ngati ndagwira Ukaristia ndi manja a makala. Ine ndimangofuna kuwalitsa nsapato ndikasake ganyu m'tauni, poti Giredi 12 ndamaliza ndipo pakhomo pano ndayamba kuoneka ngati kabati. Ndinaipeza pansi pa sutikesi: imodzi chabe, yaubweya, yotuwa, zija amavala a njanji m'majombo. Kuchidendene kuli banga lofiirira. Nditaona bangalo, ganyu ndinamuiwala.

Chaka chimenecho ndinali Giredi 4, tikukhala ku Railways, komboni ya antchito a njanji ku Kabwe. Atate anali atasiya kupita ku wekishopu. Amangogona, kutsokomola, kugonanso, ine nkumati mdala ali pa livu yaitali kuposa njanji yomwe. Sukulu itatsekera mu Ogasiti anandiitana kuchipinda. Ati ukupita ku holide kwa amalume ako, ku famu ya ansembe komwe amalima mphesa za vinyo wa Misa. Anavula sokosi kuphazi, pang'onopang'ono.

"Ukasankhe tsango limodzi, uliveke iyi kuti mbalame zisadye. Likapsa ubwere nalo. Ukabwera ndi zosapsa ndikubweza."

Kunyada kwake! Ndinauza Railways yonse kuti ndikupita kunja kwa dziko. Kunjako tinapita pa minibasi, kenako pa lole ya feteleza, kenako wapansi, mpaka ndinafika fumbi lili m'mano.

Famu inali yokongola, ndisaname. Mipesa yandandalika pa mawaya ngati ana a sukulu pa asembule, kumbuyo phiri, kumunsi damu. Koma mwana panalibe olo mmodzi. Panali amalume, mlongo wao wa amai, munthu wosunga mawu ngati shuga wa alendo. Panali akuku okalamba ophikira ansembe. Basi. Kwatsala mbalame.

Tsango langa ndinasankha tsiku loyamba lomwe. Timphesa take tinali tobiriwira, tolimba ngati nandolo. Ndinalawa kamodzi, khutu linalira mpaka Lachitatu. Ndinaliveka sokosi, amalume nkumanga kukamwa kwake ndi luzi. Pakati pa matsango ovala mapepala a khaki, langa lokha limalendewera ngati phazi la munthu wokwera mumtengo.

Anandipatsa chitini ndi kamtengo, ati uziingitsa mbalame. Ndimayenda m'mizere, ngo ngo ngo, kuyambira mame mpaka dzuwa kuwotcha pamutu. Ndikatopa ndimakhala pansi pa sokosi nkumaiuza nkhani. Imanunkha girizi ndi sopo wa kwathu. Musaseke, inunso mukanacheza nayo.

Loweruka kumabwera alendo ochokera ku Lusaka, makabudula, zipewa, mabotolo a madzi ngati akupita kuchipululu. Amazungulira m'munda, kukwera phiri, kupalasa bwato, kenako nkukalawa vinyo pakhonde. Amapukusa tambula, kununkhiza, kumwa pang'ono, nkulavula. Anthu akuluakulu, a magalimoto! Ine ndimawatsata chapatali. Chomwe ndimayang'ana si vinyo ai. Ndi ana ao aja, akatopa paphiri atate ao amawanyamula paphewa, iwo nkumagwira makutu ngati handulo ya njinga. Lasabata madzulo magalimoto amapita, fumbi nkutsika, nkutsala ine ndi chitini.

"Amalume, zapsa?"

Amafinya sokosi ndi zala ziwiri. "Zikali. Vala nsapato."

Ndipo timapita kokaona malo. Anandikweza phiri lija mpaka pamwamba, nkundilozera kakuda kutali, ati ndi mulu wa mugodi, Kabwe ndi uyo. Ndinabaibitsa mpaka mkono kufuna kuguluka, mwina atate ali panja akuwothera dzuwa. Tinapalasa bwato padamu, ndinaona ng'ona yaitali ngati sitima ya katundu, olo amalume amati chinali chipika. Tinalowa kuphanga la mileme, fungo lake mpaka lero ndikalikumbuka ndimasiya kudya. Tinayenda tsiku lonse kukaona mathithi, ine m'mutu muli aakulu aja a ku Livingstone, kupeza timadzi tikudontha ngati pompi ya kanselo. Tinafula uchi, njuchi zinandipanga nkhope ngati bani.

Manje ndikaganiza ndimaona kuti ndikangotchula za kunyumba, amalume amatulutsa malo atsopano m'thumba. Nthawi ija ndimati amakonda kuyenda.

Sukulu inatsegulira, ine ndikali. Poyamba ndinavina. Kenako ndimati ikakwana nthawi ya buleki, ndimaimba chitini ngati belu, nkudya mbatata yanga ndekha. Foni ya amalume ikalira amapita kukayankhira kumapeto kwa mzere, atandifulatira.

Kutentha kwa Okutobala kunafika. Matsango ena onse anadulidwa, mawilibala kupita kumoponderako, famu yonse kununkha zotsekemera. Langa lokha linatsala pawaya. Sokosi inalemera, kuchidendene kunayamba kudontha madzi ofiirira, mavu kuzungulira.

"Amalume, onani, zikuphulika!"

"Zikali."

Ndinalira tsiku limenelo. Ndinawauza kuti maso ao ndi okalamba, ndikawanenera kwa atate. Iwo anangoti vala nsapato, kuseri kwa phiri kuli mwala wooneka ngati ng'ombe. Sunkaoneka ngati ng'ombe.

Mmawa wina amalume anavala jekete ya kutchalitchi, ati ndikupita kukagula mankhwala a mipesa, nkundisiya ndi akuku. Mankhwala amenewo anatenga masiku. Anabwera opanda katundu, mutu wometa mpala, maso ofiira, ati fumbi. Sanalowe m'nyumba. Anapita kumzere, osafinya, osayang'ana, nkudula tsango ndi sokosi yake yomwe.

"Zapsa."

Ndinalinyamula pamiyendo njira yonse, wina akayandikira ndimamuyang'ana ngati galu wa ana. Pageti kwathu ndinapeza phulusa lalikulu pabwalo, mabenchi a kutchalitchi ataunjikidwa pakhoma. Sindinafunse. Ndinathamangira kuchipinda ndikukuwa, "Atate, zapsa!" Bedi inali mafelemu okhaokha. Amai anabwera kumbuyo kwanga, duku lakuda kumutu, nkulandira sokosi ndi manja awiri ngati chopereka.

Mphesazo sindidziwa anadya ndani. Chomwe ndinadziwa nchakuti ndachedwa, ndipo wondichedwetsa ndimamudziwa. Mpaka lero amalume akabwera ndimawapatsa moni wa pageti, nkupeza kopita.

Ndiye dzana lija amai atapita ku kwaya, ndinaitulutsanso sokosi, kuijambula, nkuiponya pa Fesibuku. Ndinalemba kuti: "Ine kuona malo ndinayamba inu muli m'matewera. Phiri, damu, ng'ona, vinyo, vonse. Chabe amalume ena sadziwa mphesa yakupsa, anandisunga kumudzi mpaka ndinaphonya mdala wanga."

Anthu anaseka za ng'ona. Wina ati sokosi imeneyo ichape. Kenako mnzanga amene tinkakhala naye khomo ndi khomo ku Railways, manje ali ku Bwacha, anandilembera kumbali:

"Boi, asiye amalume ako. Amai anga ndiwo amathandiza amai ako kutembenuza mdala pabedi. Nthawi ija olo phala samameza, mphesa akanadya bwanji? Amalume ako amatuma foni daily ati zapsa, mwana akulira. Mdala amangoti muuzeni zikali."