Ndinatsekera Munthu M'sitolo Kuti Mvula Igwe

Inu owerenga, ine ndinatsekera munthu wamkulu m'sitolo kuti mvula igwe. Mvulayo inagwadi, ndipo n'chimene chimandiopsa mpaka lero. Ndikukuuzani izi kuti wina wa mtima wapachala ngati wangawu asadzataye munda monga ndinatayira ine.

Ndine mayi wamasiye wa ku Lirangwe. Ndinali ndi kaokala m'mbali mwa msewu, komanso munda umodzi umene anandisiyira malemu mayi anga. Kaokalako kankangotipezetsa mchere ndi sopo, koma chodyetsa ana anga chenicheni unali mundawo. Chaka chimenecho mvula inayamba bwino. Tinadzala, tinathira feteleza, chimanga chinafika m'chiuno. Kenaka mu Januwale kumwamba kunangoti mbee! Dzuwa linaswa mtengo, chimanga n'kupota masamba ngati anyezi. M'mawa uliwonse ndinkapita kukachiyang'ana, n'kubwerako mtima ukuwira.

Chondipweteka kwambiri inali mitambo. Masana inkasonkhana chakumbali ya ku Chileka, yakuda bii, mpaka fungo la mvula kumveka. Ikangofika pamwamba pathu, inkabalalika ngati wina waikupiza ndi lichero.

Kumtunda kwa munda wanga kunkakhala a Makwinja, mmisiri womanga nyumba, amenenso anali mkulu wa mpingo. Kwawo kunali ku Chileka, kuno anabwera pa chikamwini, ndipo akazi awo atamwalira anangokhalabe. Khoma la nyumba yawo linagwa ndi mvula yoyamba ija, ndiye ataona ng'amba anatulutsa chikombole n'kuyamba kuumba njerwa. Za khomalo ndinkadziwa bwino, sindiname ayi. Koma kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa zomwe anthu amanena, kuti woumba njerwa m'dzinja amamanga mvula kuti njerwa zake ziume. Pamjigo nkhani inali yomweyo, pamsika yomweyo. Onse ankangonong'ona. Wa pakamwa posatseka ndinali ine, ndipo ndinkanyadira kuti ndine wosaopa.

Tsiku lina chakum'mawa ndinapita kwawo n'kuwanamiza kuti khoma la sitolo ya kuseri kwa okala yanga lang'aluka. Anasamba m'manja n'kunditsatira, osakayika chilichonse. Sitoloyo ndi kachipinda kosungiramo katundu, kopanda windo, denga la malata, chitseko chachitsulo. Pakhomo anavula chipewa, monga amachitira munthu waulemu polowa m'nyumba ya mwini. Atangolowa ndinasolola chikwanje chomwe ndinabisa kuseri kwa matumba, n'kuchikweza pamaso pawo.

"Masulani mvula, bambo inu! Mutuluka muno ikagwa."

Anabwerera m'mbuyo, ataphimba mutu ndi mikono. Ine ndinatulukamo, chitseko mba, loko khethe. Ali m'katimo anangolankhula kamodzi, mwapansipansi: "Mayi, ine ndimadwala bipi. Musanditero."

Anthu anadzaza msanga. Amayi anayamba nyimbo zonyoza, ena akuwomba m'manja, ine ndili pakati kiyi ndamangirira pansonga ya chitenje. Dzuwa litafika pamutu anthu anatopa n'kukhala m'mithunzi, pamalo ponse panagwa bata lachilendo. Ndi pamene ndinamva kaphokoso. Go. Kenaka zii. Go. Sikankachokera pamene munthu woimirira amagogoda ayi, kankachokera pansi penipeni pa chitseko. Ndinadziuza kuti ndi malata akuthetheka ndi dzuwa. Inu owerenga, ndinamva. Khutu langa linamva bwinobwino, koma ndinasankha malata.

Chakumadzulo mphepo inaleka. Nkhuku zinalowa pansi pa mabenchi, ngakhale agalu anasiya kuuwa. Mitambo ija inabwera kuchokera ku Chileka monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo sinabalalike. Dontho loyamba linandigwera padzanja, lozizira ngati chala cha munthu. Kenaka inakhuthuka. Amayi anaimba nthungululu, ena anandikumbatira, ati ndapulumutsa mudzi. Ine ndinkaseka nawo. Ndinamasula kiyi n'kutsekula monyada kuti aliyense aone mfiti ikutuluka ndi manyazi.

A Makwinja anali chigonere chammbali pakhomo pomwepo. Kukamwa kunali kutapotokera mbali imodzi, malovu akutsika. Diso limodzi linali lotseka, linalo likundiyang'ana. Dzanja lawo lamanzere linali likugogodabe, ngakhale chitseko chinali chitachokapo, likungomenya m'malere. Nditacheuka kuti wina andithandize, kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Onse a nthungululu aja anali atalowa m'mvula.

Mwana wawo wamkazi, Esinati, amene amagwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka, anafika pa kabaza atanyoweratu. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Sanatukwane. Atawakweza bambo ake m'galimoto yopita kuchipatala, anabwerera n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Amayi, chipewa cha bambo anga chili kuti?" Ndinakachitola m'sitolo muja n'kumupatsa.

Apolisi ananditenga, ndinatuluka pa belo, nkhani ija n'kukhala ngati yazilala. Chimanga chinadzuka, ndinakolola bwino ndithu, ndipo m'mtima ndinkati Mulungu waweruza yekha. Ndinaiwala kuti mlandu suwola. Titamaliza kukolola kunabwera samani. Uwu sunali mlandu wa boma ayi. A Makwinja eni ake, kudzera mwa Esinati ndi loya, anali atandisumira kuti ndipereke chipukuta misozi pa zimene ndinawachita. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti cholakwa chimodzi chingakhale ndi makomo awiri.

Kukhoti ku Blantyre ndinapita nditadzaza mvula m'kamwa. Ndinakonzeka kufotokoza za mitambo, za njerwa, za chimanga chofota. Koma loya uja sanafunseko za mvula ngakhale pang'ono. Anandifunsa ngati amene anatseka chitseko ndinali ine. Ndinavomera. Anafunsa ngati inali mphepo kapena ndinatseka mwadala. Ndinati mwadala, koma... Anandidula, n'kufunsa ngati m'chipindamo munali pena potulukira, ngati a Makwinja anavomera kutsekeredwa, ndiponso ngati pali lamulo limene linandipatsa mphamvu yosunga munthu. Ndinkangoyankha kuti ayi, ayi, mawu akunka nachepa.

Pamenepo ndinapsa mtima n'kukuwa kuti ine sindinawakhudze ngakhale ndi chala, komanso sindinafune kuti adwale. A jaji anandiyankha modekha, ndipo kudekhako kunandiopsa kuposa kukalipa. Anati kukweza chikwanje pamaso pa munthu, iye n'kukhulupirira kuti atemedwa pomwepo, ndi cholakwa pachokha ngakhale chikwanjecho chisamukhudze. Kumutsekera popanda chilolezo chake kapena cha lamulo ndi cholakwa china. Anatinso lamulo likamati mwadala silifunsa ngati unafuna kuti munthu apuwale, limangofunsa ngati unafuna kuchita chimene unachitacho. Ine ndinafuna kutseka, ndinatseka, ndipo zotuluka m'chitseko chimenecho zinali zanga.

Ndinayesa komaliza, ndikuti koma mvula inagwa. A jaji anati khoti silizenga mlandu wa mitambo. Esinati anangowonjezera kuti tsiku limenelo mvula inagwanso ku Chileka ndi madera ena ambiri kumene kunalibe wotsekeredwa, ndipo wailesi inali itanena kale m'mawa. Mboni zotsimikiza kuti ndinawatsekera anali amayi awiri mwa omwe anandikumbatira aja.

Nthawi yonseyi a Makwinja anali pa njinga ya olumala, chipewa chija chili pamiyendo. Chidwalireni salankhulanso. Diso lija linali pa ine, ndipo chala chawo chinkagogoda pachitsulo cha njingayo. Go. Zii. Go. Ena m'khotimo sankaoneka kuti akumva, koma ine mawu a jaji ndinkawamvera m'kati mwa kugogodako.

Chipukuta misozi chomwe anagamula kaokala sikakanachikwanitsa. Ndinakhala pansi ndi abale anga, tinalira, koma njira inali imodzi. Munda wa mayi anga, womwe ndinkaulwira uja, unapita. Amene anaugula sanadzalemo ngakhale phesi limodzi. Anati dothi lake ndi labwino, ndipo lero muli maenje ndi mauvuni a njerwa. Ndikamapita ku maganyu m'minda ya anzanga ndimadutsa pomwepo, utsi wake n'kumandilowa m'maso.

Inu owerenga, mkwiyo wa gulu uli ndi pakamwa pambiri, koma dzanja logwira loko limakhala la munthu mmodzi, ndipo khoti limafuna dzanjalo. Ngati mukuganiza kuti wina wakulakwirani, pitani kwa amene lamulo linawapatsa mphamvu. Musakweze chida pa munthu n'kumadzitonthoza kuti simunamukhudze. Musatsekere munthu, kaya ndi kanthawi kochepa, kaya mudzi wonse ukukuimbirani m'manja. Ndipo mukamva kugogoda, tsekulani.

Chitseko cha sitolo ija ndinachizula n'kuchitaya. Sizinathandize. Masana dzuwa likafika pamutu, malata akayamba kuthetheka, ndimasiya chilichonse chomwe ndagwira n'kupita kukasuzumira m'kachipinda kopanda chitsekoko. Ana anga anasiya kundifunsa chimene ndimakafuna.